Usiku umene ndinatola nyeleti m'misewu ya Winnipeg

Abale anga a m'tauni, mwandisowa pa tsamba lino kwa milungu isanu. Ndamva kuti ena ku Matero munayamba kale kukamba ati mdala anathawa nkongole. Iai mwandi. Ndinapita ku Canada kukaona mwana wanga wamkazi amene asewenza unesi mumzinda wa Winnipeg, komanso mdzukulu wanga amene anacoka kuno ali ndi zaka 9. Manje ali ndi 19, ali pa yunivesiti, ndipo kuti ndimuyang'ane kumaso ndifunika kukweza khosi.

Ponyamuka ndinali ndi maganizo akuti ndikabwela ndidzakulembelani za mabasi osunga nthawi ndi misewu yopanda maenje. Koma nkhani imene ndabwela nayo ndi ina, ndipo yandivuta kulemba cifukwa yafika mpaka pakhomo panga.

Nditangofika, mwana wanga anaitana anzake, anthu a kwathu kuno ku Africa, kuti adzapatse moni atate ake. Tili pa nsima, bambo wina amene wakhala kumeneko zaka zambili anayamba kundilangiza.

"Mdala, tauni ino ni yabwino, koma ku North End osayesa kupitako. Ndiye Chibolya ya kuno. Kuli eni dziko aja, acakolwa, safuna nchito, boma imangowapasa ndalama."

Ine ndinagwedeza mutu kuvomeleza, monga mmene mlendo amacitila. Mdzukulu wanga anaika mbale pansi n'kunena mwaulemu kuti, "Ankolo, ine nimapitako Cisanu ciliconse." Pa tebulo panati zii. Alendo atapita anabwela kwa ine n'kuti, "Agogo, pa Cisanu tiyeni mukaone mweka."

Eni nthaka amene anasanduka alendo

Tisanafike ku North End, lekani ndikuuzeni za anthu amenewa. Azungu asanafike, dziko la Canada linali kale ndi eni ake. Masiku ano amawagawa m'magulu atatu: First Nations, Inuit ndi Métis. Kalembela wa mu 2021 anapeza kuti onse pamodzi ndi pafupifupi 1.8 miliyoni, kutanthauza anthu 5 pa 100 alionse m'dzikolo. Oposa theka la iwo akhala m'matauni, ndipo Winnipeg ndiye mzinda umene uli ndi eni nthaka ambili kuposa wina uliwonse, opitilila 100,000. Ambili ndi a mitundu ya Cree, Ojibwe ndi Métis.

Mbili yao itamveka m'makutu anga, ndinaona ngati ndikumva agogo anga akusimba za ku Fort Jameson. Mu 1876 boma linakhazikitsa lamulo la Indian Act lolamulila moyo wao wonse. Anawakankhila m'malizevu, monga mmene Acewa ndi Angoni anakankhidwila m'malizevu kum'mawa m'zaka za m'ma 1920 pamene nthaka yabwino inatengedwa. Kwa zaka zambili munthu sanali kutuluka mu lizevu popanda pepala locokela kwa bwana wa boma. Ife pepala lotelo tinali kulichula citupa, ndipo makolo athu anazitentha mu 1961. Magule ndi miyambo yao ina inali yoletsedwa mpaka mu 1951. Ufulu wonse woponya voti pa masankho a dziko, a First Nations anaupeza mu 1960, zaka 4 cabe ife tisanadzilamulile.

Koma bala lalikulu ndi masukulu a boding'i. Boma linali kulipila, machalichi anali kuyendetsa: Akatolika, a Anglican, a United Church ndi a Presbyterian. Ana pafupifupi 150,000 anacotsedwa kwa makolo ao, ambili mokakamiza, n'kupita nao kutali. Kumeneko anali kuwameta tsitsi, kuwaletsa cinenelo cao, kuwamenya, ndipo ambili anagwililidwa. Ana masauzande anamwalila, ena makolo ao osauzidwa n'komwe kumene anaikidwa. Musaganize kuti ndi nkhani ya makedzana. Omaliza mwa masukulu amenewa anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, ife kuno tili kale m'ndale za zipani zambili.

Manje ganizani. Mwana amene wakula wopanda amake, wopanda cinenelo cake, wodziwa cikwapu cabe, akakula adzalela bwanji ana ake? Ambili anathawila ku mowa. Ndiye boma linabwelanso n'kutenga ana ao, ati makolo alephela, n'kuwapeleka ku mabanja ena. Mpaka lelo m'cigawo ca Manitoba, pafupifupi ana 9 pa ana 10 alionse amene ali m'manja mwa boma ndi a eni nthaka. Acinyamata amene ndinakumana nao ndi adzukulu a nkhani imeneyi. Bambo uja wa pa nsima anaona utsi cabe, moto sanaufunse kumene unayambila.

Vesiti, magolovesi ndi cigubu cacikasu

Pa Cisanu madzulo tinakwela basi mpaka ku Selkirk Avenue, msewu waukulu wa ku North End. Unali mwezi wa September, iwo ati kukali kofunda, koma ine ndinavala majuzi awili ndi cijasi ca mpongozi wanga. Dela lake ndi la nyumba zakale zamatabwa, mashopu ena otsekedwa, ndipo lili kuseli kwa bwalo lalikulu la njanji limene limalilekanitsa ndi pakati pa tauni. Amene mudziwa mmene njanji inagawila Lusaka pakati pa mayadi ndi makomboni mwamva kale zimene ndikutanthauza.

Gulu limene mdzukulu wanga amayenda nalo ndi Bear Clan Patrol. Linayamba mu 1992, linazilala, kenako linadzukanso ca mu 2015. Dzinalo licokela ku mafuko ao. A Ojibwe ali ndi mafuko monga ife tili ndi a Phiri, a Banda ndi a Mwale, ndipo fuko la cimbalangondo nchito yake kuyambila kale inali kuteteza mudzi. Ndiye anatenga udindo wa kumudzi uja n'kuubweletsa m'tauni.

Amene anali kutsogolela gulu lathu usiku umenewo anali mtsikana wa Cree, wazaka ngati 22, wamfupi, wovala cisoti. M'gulumo munali azibambo a imvi, mzimai wina mzungu wopuma pa nchito, ana a sukulu, ndi ine. Tonse tinali kumvela iye. Anandipatsa vesiti yowala, magolovesi ndi kacitsulo kopanila, n'kundiuza malamulo atatu. Nyeleti osaigwila ndi manja, uipane n'kuiponya m'cigubu cacikasu. Osajambula munthu aliyense. Lacitatu ndi limene linandikhala mumtima.

"Atate, anthu amene tikumane nao sitiwachula oledzela kapena a mumsewu. Timati abale. Mukaona munthu wagona pansi, nenani kuti pali m'bale wathu apa."

Sanyamula zikwapu, sanyamula zibonga, samanga munthu. M'zikwama zao muli masangweji, madzi, zipatso, masokosi, ndi mankhwala a naloxone amene amatsitsimutsa munthu amene mpweya wake ukuima cifukwa ca mankhwala osokoneza bongo monga fentanyl. Ine ndinakumbuka magulu athu olonda m'makomboni, mmene timagwilila kamnyamata n'kukaphwanya tisanafunse n'dzina lake lomwe.

Tinayenda m'tinjila ta kumbuyo kwa nyumba, tochi m'manja. Nyeleti zinali m'udzu, m'mbali mwa mabini, ina pafupi ndi bwalo loseweleramo ana. Msana unandiwawa, koma ndinacita manyazi kudandaula pamaso pa ana. Titafika pa kanyumba kodikililamo basi tinapeza mnyamata atadzipinda pa benchi, akunjenjemela. Ine mapazi anaima okha. Mtsikana uja anagwada pansi, anamuchula dzina lake, anamufunsa ngati wadya, n'kumuvula masokosi onyowa ndi kumuveka ouma. Anamufunsa ngati afuna kupelekezedwa kumalo ogona. Mnyamatayo anakana. Mtsikanayo sanakakamize, anangoti, "Cabwino, mailo tidzapitanso pano."

Titacoka ndinamufunsa ngati sacita mantha. Anaseka pang'ono n'kuloza benchi ija. "Zaka zitatu zapitazo ndine ndinali kugona pamenepo. Anabwela kangapo ine n'kuwatukwana. Tsiku lina anandipatsa cigubu kuti ndiwanyamulile. Kucokela pamenepo sindinacibweze."

Onani bwino pamenepa. Sanamupatse ulaliki, anamupatsa nchito yoti agwile, ndipo lelo ndiye amene atsogolela.

Cikwangwani ca Cinyanja pakati pa Canada

Pobwelela, pa Selkirk Avenue pomwepo, ndinaona cikwangwani cimene cinandiimitsa. Cinalembedwa kuti Ndinawe. Ndinakoka mdzukulu wanga, "Iwe, nanga a kwathu anafika kale kuno?" Anafa nazo kuseka. Si Cinyanja. Ndi cidule ca mau a ci Ojibwe akuti Ndinawemaaganag Endaawaad, kutanthauza nyumba ya abale athu. Ndi bungwe losamalila acinyamata amene alibe kolowela. Koma ine m'makutu mwanga munamveka kuti ndili nawe, ndipo nchito yao ndi yomweyo.

Malo ao amodzi, otsegula usana ndi usiku, anawapatsa dzina lakuti Tina's Safe Haven pokumbukila Tina Fontaine. Mtsikanayu anali wazaka 15, wocokela ku Sagkeeng First Nation. Mu August 2014 thupi lake linapezeka mu mtsinje wa Red River. Panthawiyo anali m'manja mwa boma, ndipo anali atamusungika mu hotela m'tauni. Munthu amene anazengedwa mlandu wa imfa yake anamasulidwa ndi khoti mu 2018. Imfa ya Tina inagwedeza dziko lonse. Ndiyo inadzutsanso Bear Clan Patrol, ndipo inakankha boma kuti lifufuze nkhani ya akazi ndi atsikana a eni nthaka amene amasowa kapena kuphedwa. Lipoti la kafukufukuyo linatuluka mu 2019.

Pa mphambano ya Selkirk ndi Powers pali kansanja ka belu. Mu 2010 mnyamata wa ku North End komweko, Michael Redhead Champagne, anayambitsa gulu la acinyamata la Aboriginal Youth Opportunities. Caka cotsatila, atatopa ndi malilo a anzao ophedwa m'ziwawa, anayamba kukumana pa belu limeneli Cisanu ciliconse nthawi ya 18 koloko. Anali kuliza belu, kuyenda m'misewu pamodzi, n'kukambilana mavuto a dela lao. Anacita zimenezi kwa zaka zambili, ngakhale m'miyezi imene kuzizila kumafika pa madigili 30 pansi pa zilo. Analibe ofesi yaikulu, analibe galimoto ya bungwe. Anali ndi belu, tsiku lodziwika ndi nthawi yosasintha, mpaka andale ndi apolisi anayamba kubwela okha kudzamvela.

Akulu akhala kumbuyo

Mlungu wotsatila mdzukulu wanga anandipeleka ku msonkhano wa acinyamata pa malo ena a eni nthaka. M'matauni a Canada muli malo oposa 100 amene amati Friendship Centres. Anayamba m'zaka za m'ma 1950 kulandila anthu ocokela m'malizevu amene anali kufika m'tauni osadziwa kolowela, monga mmene amalume a ku Chawama amalandilila mwana wocokela ku Petauke. Bungwe lao la dziko lonse lili ndi khonsolo yake ya acinyamata. Palinso mabungwe ena ambili a mtundu womwewo, monga Ma Mawi Wi Chi Itata la ku Winnipeg, limene linayamba mu 1984.

Tinakhala mozungulila, popanda tebulo la alendo olemekezeka. Poyamba anayatsa masamba ouma onunkhila m'kambale, aliyense n'kudzikupizila utsi kumaso ndi pacifuwa. Gogo wina wamkazi anapemphela m'cinenelo cao, atatsiliza anabwelela pampando wake n'kukhala cete. Wapampando anali mnyamata wa sekondale. Wosunga ndalama anali mtsikana amene anawelenga poyela zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, mpaka ndalama ya tiyi. Anakangana kwambili pa nkhani yakuti ndalama yotsala apite nayo kuthengo kukaphunzila kusaka ndi kuchela nsomba kwa akulu, kapena alipile mphunzitsi wa cinenelo. Gogo uja sanalowelele mpaka atamufunsa. Anayankha mwacidule, iwo n'kuponya voti, cinenelo n'kupambana.

Ine ndakhala pa misonkhano yambili ya acinyamata kuno ku Lusaka. Acinyamata amabwela m'mamawa kudzapanga matenti ndi kunyamula mipando. Akulu amafika mocedwa, amakamba maola atatu kuti acinyamata ndiwo atsogoleli a mailo, kenako amapita kukadya. Pa 12 March timawaveka mayunifomu kuti agube padzuwa. Nthawi ya masankho timawapatsa tisheti, Chibuku ndi K50. Mailo limenelo silifika.

Ambili mwa ana a pa msonkhanowo anabadwila m'tauni. Ena sanapondeko ku lizevu la makolo ao. Mnyamata wina anati anakulila m'nyumba za anthu osiyanasiyana, ndipo mtundu wake anaudziwa atakula, pa pepala la boma. Akapita kumudzi amamuseka kuti ndi wa m'tauni, m'tauni amamuuza kuti abwelele ku lizevu. Manje akuphunzila kudzichula m'cinenelo ca agogo ake: dzina lake, fuko lake ndi kumene anthu ake acokela. Ku North End kuli ngakhale sekondale, Children of the Earth, imene imaphunzitsa Cree ndi Ojibwe pamodzi ndi maphunzilo ena onse.

Pamene mwai wodzichula unafika kwa mdzukulu wanga, anangoti, "Ndine wa ku Zambia, ku Lusaka." M'basi pobwelela anandifunsa m'Cinyanja cake copunduka, "Agogo, ise fuko yathu ni cani? Anzanga amanifunsa, nilibe yankho." Ndinamva manyazi. Ife palibe anatilanda ana. Tinangosiya tekha kuwauza. Usiku umenewo tinakhala mpaka 01 koloko, ine kumufotokozela za mfunda wathu, za mudzi wa amai anga, za Kulamba ku Mkaika ndi Kalonga Gawa Undi, iye akulemba mu foni.

Malaya a olenji

Pa 30 September tauni yonse inavala malaya a mtundu wa olenji. Ciyambi cake ndi mai wina, Phyllis Webstad. Mu 1973, ali ndi zaka 6, agogo ake anamugulila malaya atsopano a olenji kuti avale tsiku loyamba pa sukulu ya boding'i ya St. Joseph's Mission ku British Columbia. Atafika anamuvula, ndipo sanawaonenso. Nkhani yake inayambitsa tsiku lokumbukila mu 2013, ndipo mu 2021 boma linalipanga kukhala holide ya dziko.

Tsikuli ndi mbali ya nchito imene amati ciyanjanitso. Mu 2008 nduna yaikulu Stephen Harper anapepesa m'nyumba ya malamulo cifukwa ca masukulu aja. Komishoni ya coonadi ndi ciyanjanitso, motsogozedwa ndi woweluza Murray Sinclair, mwana wa ku Manitoba komweko, inamvela mboni zoposa 6,000. Mu 2015 inatulutsa mfundo 94 zimene boma, machalichi, masukulu ndi ena afunika kucita. Mfundo ya nambala 66 ikamba za acinyamata: boma lizipeleka ndalama za zaka zingapo ku magulu a acinyamata a m'madela kuti aziyendetsa okha nchito za ciyanjanitso. Umboni wonse usungidwa pa University of Manitoba, mu Winnipeg momwemo. Mu 2022 Papa Francis anapita ku Canada n'kupepesa. Sinclair anamwalila mu November 2024.

Tinayenda ndi cikhamu ca anthu kucokela ku The Forks, pamene mitsinje ya Red ndi Assiniboine ikumana. Ng'oma zao zimalila mosiyana ndi zathu, kugunda kumodzikumodzi ngati mtima. Kutsogolo kunali agogo amene anapulumuka m'masukulu aja, ena pa njinga za olemala, adzukulu akuwakankha. Ndinaona ana a ku Philippines, a ku Somalia, a ku Ukraine, onse mu olenji.

Koma musaganize kuti zonse zatheka. Ndinakumananso ndi mtsikana wa cisoti uja, ndipo nditamuyamikila kuti dziko lao likuyenda bwino, anandiyang'ana n'kuti, "Atate, malaya ndi ochipa. Mailo adzawavula, ine ndidzapitanso pa benchi paja." Akunena zoona. Mfundo zambili mwa 94 zija zikali pa pepala. Eni nthaka ndi 5 pa 100, koma m'ndende za boma lalikulu pafupifupi mkaidi mmodzi pa atatu ndi wa iwo. Madzi amene Winnipeg imamwa acokela ku nyanja ya Shoal Lake, koma eni ake a Shoal Lake 40 anakhala zaka 24 akuuzidwa kuti madzi ao asamwe osawilitsa, mpaka mu 2021.

Ngakhale n'telo, zina zasintha. Mu October 2023 anthu a ku Manitoba anasankha Wab Kinew kukhala mtsogoleli wa cigawo, woyamba wa First Nations kutsogolela cigawo m'dzikolo. Atate ake anadutsa m'sukulu za boding'i zija. Iye mwini ali mnyamata anavutikapo ndi mowa ndipo anagwidwapo ndi apolisi, nkhani imene sanaibise. Acinyamata a ku North End akamuona pa TV amaona munthu amene anagwa n'kupatsidwa mpata wodzukanso.

Cinthu cina cimene ndinaona n'cakuti msonkhano uliwonse, olo wa pa sukulu, umayamba ndi kuchula eni nthaka: kuti tili pa dziko la pangano la Treaty 1 la mu 1871, kwao kwa a Métis. Ena amati ndi mwambo cabe wa pakamwa. Mwina. Koma ndinadzifunsa kuti mwa ife amene tinamanga ku Lusaka, ndi angati amene ana athu adziwa kuti tili pa nthaka ya Asoli, kuti dzina la mzinda licokela kwa mfumu ya mudzi Lusaaka, kuti ku Chongwe kuli Nkomeshya Mukamambo II ndi mwambo wa Chakwela Makumbi?

Pakhomo panga

Sindikuti nkhani yao ndi yathu n'zofanana. Ife dziko tinalitenga mu 1964 ndipo tidzilamulila tekha. Iwo ndi ocepa m'dziko lao lomwe, ndipo amene ayenela kuyanjana nao akhala nao khomo ndi khomo. Koma mnyamata wa pa benchi uja ndinamudziwa. Ndili naye.

Mlongo wanga anamwalila n'kusiya mwana wamwamuna. Kwathu kum'mawa mwana wa mlongo wako ndi wako, ndiwe malume, ndiwe mwini mbumba. Mnyamatayu anakulila m'nyumba mwanga. Atalephela giledi 12 anayamba kuyenda ndi makada a cipani cina pa steshoni ya mabasi. Masankho a 2021 atapita, amene anali kumutuma anamuiwala. Anayamba kukoka zinthu, n'kukhala mmodzi wa aja timawachula majanki. Anaba foni ya mkazi wanga, kenako silinda ya gasi, kenako TV. Ndinaitana banja, ndinaimilila pakati pa bwalo n'kunena kuti, "Uyu si mwana wanga. Akapondanso pano niitana apolisi." Panapita zaka ziwili osamuona. Ndikamva kuti anamuona ku tauni, ndinali kusintha nkhani. Pa tsamba lomwe lino ndinalembapo kuti majanki onse awasonkhanitse awatsekele kutali. Ena munanditumila mauthenga ondiyamikila.

Usiku uja ku Selkirk Avenue, mtsikana wazaka 22 akuveka masokosi munthu amene si m'bale wake wa magazi, ine ndinali kuganiza za mwana wa mlongo wanga.

Nditatsika ndeke ndinapuma tsiku limodzi, lotsatila ndinayamba kumufuna. Zinanditengela masiku anai. Anyamata oitanila mabasi ndiwo anandilondolela, ati, "Mdala, yesani kuseli kwa msika, ku ngalande." Ndinamupeza. Waonda, mano ena anacoka, nsapato zosiyana. Atandiona anafuna kuthawa. Ndinamuitana ndi dzina la kunyumba limene amake anali kumuitanila. Anaima.

"Amalume, mwabwela na ba polisi?"

"Iai. Wadya?"

Tinakhala pa kantemba, ndinagula nsima ziwili ndi nkhuku. Anadya osayang'ana kumbali. Sindinamulalikile, ngakhale kuti mau anali kundiyabwa pakhosi. Pomaliza anandipempha K50. Ndinakana, ndinamuuza cifukwa cake. M'malo mwake ndinamuuza kuti pa Ciwelu ife a m'sekishoni yathu tikufukula ngalande mvula isanabwele, kolela isatipezenso, ndipo ndifuna munthu wosunga mafosholo ndi mawilibala, kuwawelenga potuluka ndi pobwela. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Ine? Musunga vinthu na ine?"

Mkazi wanga nayenso anafunsa funso lomwelo, ndi mau okwela kuposa pamenepo. Aneba ena anati akabwela iwo sabwela.

Pa Ciwelu anabwela, mocedwa ndi ola lathunthu. Anawelenga mafosholo 8 potuluka, 8 pobwela. Anadya nafe. Ciwelu cotsatila sanaoneke. Sindikudziwitsani nkhani ya cozizwitsa pano, cifukwa kulibe. Munthu amene thupi lake lazolowela mankhwala afunika cipatala ndi anthu odziwa nchitoyo, osati fosholo cabe, ndipo tayamba kufunsa kumene angathandizidwe. Koma kuti afike kumeneko afunika munthu amene sanamutaye.

Kwa makhansala ndi a makomiti a citukuko m'mawadi, funso langa ndi ili. Ndalama ya CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Pa misonkhano imene mumagawa ndalama imeneyi, ndi acinyamata angati amene amakhala pa mpando, osati kunyamula mipando? Ndi gulu liti la acinyamata a m'komboni limene munalipatsa ndalama kuti liyendetse lokha, liwelengele lokha, olo lilakwitse n'kuphunzilapo? Kwa machalichi, kodi holo ija imene imakhala yokhoma kuyambila pa Mande mpaka pa Cisanu singatsegulidwe usiku umodzi pa mlungu? Ndipo kwa ife makolo ndi amalume, tinazolowela kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga wako weniweni amene unathamangitsa ndi wa ndani?

Mdzukulu wanga anatuma uthenga dzulo, ati kwayamba kugwa sinoo ndipo akusonkhanitsa majasi. Anafunsanso za msuweni wa amake, ngati anabwelanso. Ndamuyankha kuti sanabwele. Mailo m'mamawa ndipitanso kuseli kwa msika, ndipo m'cikwama ndaikamo masokosi.